Khadi la amalume silinagwire ntchito, ndipo ndinawauza

Amalume anga, a Laisoni, anafika kuchokera ku Joni sabata yatha atafukata katoni ngati mwana wakhanda. Zikwama zina zonse zinalowa kunsi kwa basi, koma katoni imeneyi anayenda nayo pamiyendo, kudutsa Zimbabwe, kudutsa Tete, mpaka pa Mwanza. Akuti ngakhale potsika kukataya madzi ankatsika nayo.

Katoniyo inali yanga.

Inu amene mumawerenga danga lino kawirikawiri mukudziwa kuti kulemba sikundidyetsa. Chimandidyetsa ndi makanema. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi ziliza, kenaka n'kukhala pa kompyuta m'kachipinda kanga kuseri kwa msika wa Manjawira, kudula, kulumikiza, kuika nyimbo, n'kuchotsamo oledzera aja amene amakonda kuima kutsogolo kwa kamera. Amalume anamva kwa amayi kuti kompyuta yanga imachedwa. Ndiye analowa m'sitolo ina ku Joniko n'kuuza wogulitsa kuti awapatse chinthu chothamangitsa makanema, chapamwamba kwambiri chimene thumba lawo likanatha.

Anawapatsa khadi la zithunzi, limene anyamata amati girafikisi khadi. Kwa inu amene simunatsegulepo mimba ya kompyuta, ichi ndi chipangizo chimene timabaya mkatimo kuti chizisenza ntchito yonse ya zithunzi ndi makanema. Chikakhala chofooka, kanema amayenda motsimphina, ndipo ntchito ya m'mawa imakupeza nayo madzulo.

Chimene chinawabweretsa kumudzi amalumewo ndi chiliza cha bambo awo, agogo anga aamuna, kwathu ku Kasinje. Abusa atapemphera, nsalu itavundukulidwa, angoma atapondaponda fumbi n'kuimba nyimbo zawo zija zimene ambirife timangovomera osamva mawu ake, amalume anaimirira n'kundiitana. Anatsegula katoni ija anthu onse akuona. Munatuluka chinthu chachitali ngati mkono, chakuda, cholemera, cha mafani atatu. Palibe amene anadziwa kuti ndi chiyani, koma amayi analuluta, ndipo amayi ena onse anawalandira.

Amalume analengeza kuti kanema wa chilizacho apangidwa ndi khadi limenelo, ndipo iwo adzamunyamula pa fulashi kukaonetsa abale a ku Joni amene anasonkha simenti koma sanathe kubwera. Mmodzi wa iwo ndi amayi aang'ono, amene sanapondeko kumudzi chitsikireni bambo awo m'manda.

Ndinagwada n'kuthokoza, ndipo sindinkanama. Ndinali wosangalala kwambiri.

Tsono tiyeni tiwaike pa mphasa makhadi awiriwa, lakale langa ndi la amalume, chifukwa sindikufuna wina adzanene kuti Edina ananyoza chinthu chabwino.

Langa ndinagula kwa munthu wina ku Balaka, litagwira kale ntchito kwina. Limakwana m'chikhatho. Fani yake ndi imodzi, ndipo kukatentha imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Memori yake, kutanthauza malo amene limayalamo zithunzi pogwira ntchito, ndi magigabaiti anayi. Silifuna waya wapadera. Kamagetsi kamene limapeza pamalo pamene labayidwa kamalikwanira, ndipo silidandaula.

La amalume lili ndi magigabaiti khumi ndi awiri. Mafani atatu. Limafuna mawaya awiri a magetsi akeake, ndipo linabwera ndi bokosi lake logawa magetsi, chifukwa wogulitsa uja ankadziwa kuti bokosi la m'kompyuta wamba silingalidyetse. Malinga ndi zimene analemba pa katoni, likamagwira ntchito ndi mphamvu zonse limadya magetsi pafupifupi kanayi kuposa langa.

Nditalibaya, ndinaseka ndekha. Zithunzi za angoma zimene khadi langa limazikoka mopunthwapunthwa zinangoyenda myaa, nthenga iliyonse ya kumutu ikuoneka payokha. Ndikasintha kuwala kwa chithunzi, chinkasintha pompo, osati kundidikiritsa ngati kale. Pa liwiro, pa memori, pa kuyera kwa chithunzi, khadi la amalume likupambana, ndipo likupambana kutali. Anyamata osewera magemu atha kugulitsa ng'ombe ya bambo awo chifukwa cha khadi limeneli.

Kenaka inafika nthawi yorenda. Uku ndi pamene kompyuta imasoka zidutswa zonse zimene wadula kuti zikhale kanema mmodzi, ndipo ndi pamene khadi limatulutsa mphamvu zake zonse. Ndinadina. Mafani atatu aja anabangula. Inveta yanga inalira kamluzu kake, ndipo zonse zinangoti thii.

Kuseri kwa msika kumene ndimagwirira ntchito mawaya a magetsi sanafikeko. Ndimadalira masola awiri a padenga, mabatire awiri, ndi inveta yaing'ono imene imasandutsa moto wa mabatirewo kukhala woti kompyuta idye. Ndinaganiza kuti mwina mabatire anali asanadzaze. Ndinadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, dzuwa la Okutobala la ku Manjawira limene limasungunula phula. Ndinazula mafoni onse a aneba amene amatchaja kwa ine. Ndinazimitsa ngakhale kafani kondipepesa kutentha, n'kukhala thukuta lili kamukamu. Ndinadinanso. Kamluzu kaja, mdima.

Nditayesanso, ndinapeza kuti gawo la pemphero la abusa lasokonekera, lofunika kudulanso. Apa mantha anandigwira. Kompyuta ikamazima chonchi ili mkati mwa ntchito, tsiku lina imafa nazo zonse zimene yasunga, ndipo m'kompyuta yanga muli maukwati a anthu amene sangakwatirenso kachiwiri kuti ine ndijambulenso.

Ndinazula khadi la amalume, n'kubwezeramo kanjuchi kanga, n'kudulanso gawo la pemphero lija. Ndinadina. Ndinapita kumsika kukagula tomato, ndinacheza ndi mayi wogulitsa usipa, ndinabwerera n'kupeza kakadali pakati. Ndinachapa, ndinayanika, ndinaanula. Dzuwa likupendeka, kanema anatha, wathunthu, kuyambira pemphero loyamba mpaka gule womaliza.

Ndiye ndiuzeni inu odziwa manambala: khadi labwino ndi liti pamenepa? Lothamanga limene silifika, kapena lotsimphina limene lafika?

Ndinaimbira foni amayi n'kuwafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatsitsa mawu ngati pali wina akutimvera.

"Wamaliza ndi kako kakang'onoko, basi zatha. Chachikulucho uike pamwamba anthu aziona. Achimwene akabwera ukathokoze, unene kuti chathandiza. Ukawauza zinazo, dziwa kuti wataya malume."

Musaganize kuti amayi ankangondiopseza. A Laisoni ndi mwini mbumba wathu. Bambo anga atamwalira, ndi iwo amene anaonetsetsa kuti ndisasiye sukulu. Kamera yanga yoyamba, imene inandiyambitsa ntchito imeneyi, anatumiza ndi iwo, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Ku Joniko si bwana ayi. Amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba za anthu, ndipo zikhatho zawo zinang'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Munthu wotereyu sumufuna kumukhumudwitsa. Ine ndimawakonda, ndipo ndikunena poyera.

Bodza lake linali losavuta. Amalume sakanatsegula kompyuta. Sadziwa kusiyanitsa khadi ndi batire. Ndikanangowapatsa fulashi, n'kugwada, aliyense n'kupita kwawo akumwetulira.

Ndipo ndi mmene takhalira m'banja mwathu chiyambire.

Ife ndife banja la ku Joni kuyambira nthawi imene agogo aja ankapita kumigodi. Anabwerako ndi chijasi cholemera cha dziko lozizira, ndipo ankachivala kutchalitchi mwezi ngati uno, thukuta likutsikira m'makutu, chifukwa chinali cha ku Joni. Pambuyo pawo anapita ana awo, ndipo katundu sanasiye kubwera. M'kabati ya amayi muli ayironi yamagetsi, yakhala pakati pa mbale za alendo, m'nyumba imene usiku timaunikira tochi. Zovala timasitabe ndi ya makala. Wotumiza safunsa, wolandira sanena. Foni ikalira timayankha mawu amodzimodzi, akuti zafika, zikugwira bwino ntchito, Mulungu akudalitseni. Uko munthu amamva zimenezo, amamanga lamba pamimba, n'kuyamba kusungira chinthu chotsatira.

Kodi zimenezi ndi za banja lathu lokha? Inu amene mukuseka ndi nyuzi m'manja, dzukani mukasuzumire pansi pa bedi lanu.

Ndipo sizithera m'nyumba zathu. Ntchito yangayi imandiyendetsa, ndipo ndajambulapo miyambo yolandira mphatso kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Ana amaimba, akuluakulu amayankhula, makatoni amatsegulidwa, ine ndimajambula nkhope zosangalala. Ukadzadutsanso pamalopo patapita nthawi, umapeza makina aja ali m'chipinda chokhoma, ataphimbidwa nsalu, nkhuku ikuikira mazira kuseri kwake. Ena amafuna magetsi amene kulibe. Ena amafuna kachipangizo kamene sikapezeka m'dziko muno. Wolandira ankadziwa zimenezi tsiku lomwelo akuwomba m'manja. Bwanji sananene?

Timati ndi ulemu. Ine ndakana. Ulemu wanji woona munthu akutaya thukuta lake m'dzenje, iwe n'kumamuwombera m'manja kuti apitirize? Amene timamusunga pamenepa si wopereka ayi. Timadzisunga tokha, kuti tisatchedwe amwano, kuti katundu asasiye kubwera, kuti pa chiliza tiziluluta anthu a m'mudzi akuona.

Pa chiliza paja ndinawayang'anitsitsa amalume kudzera m'kamera. Kamera siinama. Anali atavala jekete labwino, koma khosi linali litachepa m'kolala, ndipo nsapato zawo zinali zosokedwa kawiri. Ndinamvanso akuuza asuweni anga kuti chaka chamawa adzandibweretsera sikirini yaikulu yoyenerana ndi khadilo. Yoti idzadye moto wa inveta yomwe ija, imene yakomoka ndi khadi lokha.

Amalume anabwera ku Manjawira kudzatenga fulashi kutatsala pang'ono kuti anyamuke. Amayi anabwera nawo, ati kudzagula zinthu pamsika, koma ine ndinadziwa kuti abwera kudzalondera pakamwa panga.

Ndinawakhazika pa benchi n'kuwaonetsa kanema. Pamene nsalu inavundukulidwa, dzina la bambo awo n'kudzaza sikirini yonse, amalume anapukuta m'maso ndi chipewa. Kanema atatha anamenya bokosi la kompyuta pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amasisitira ng'ombe yake, n'kuuza amayi kuti aone okha mmene katundu wa ku Joni amagwirira ntchito. Amayi anavomera mokweza, maso ali pa ine.

Ndinatenga sikuludiraiva, n'kutsegula bokosilo, n'kuwaonetsa kakhadi ka ku Balaka kali phee m'malo mwake. Ndinawauza kuti kanema amene aonerayo wapangidwa ndi kameneko.

Poyamba sanamvetse. Anaganiza kuti ndinalephera kulumikiza lawolo, ndipo anayamba kundiuza zimene wogulitsa uja anawalangiza za mawaya awiri. Ndiye ndinati aone okha. Ndinazula kakang'ono, ndinabaya lalikulu ndi bokosi lake, mawaya onse m'malo mwake, iwo akuyang'ana. Ndinasankha kachidutswa kakafupi kuti ndisaike ntchito za anthu pachiswe, n'kudina. Mafani atabangula, nkhope yawo inawala. Anatembenukira kwa amayi kuti anene kanthu. Asananene, inveta inalira, sikirini inada.

M'chipindamo munangotsala phokoso la msika.

"Wandikhazika pansi kuti undionetse kuti ndine chitsiru?" anafunsa, osakweza mawu.

"Ayi, amalume. Khadi lanuli ndi labwino kuposa langa, kutali. Koma nyumba ino ilibe magetsi oti lidye. Mukanandifunsa, ndikanakuuzani."

Mawu omalizawo ndi amene anawabaya, ndinaona. Mwana wa mlongo wawo, amene anamuphunzitsa okha, kuwauza kuti akanayamba afunsa. Anaimirira, anaika fulashi m'thumba la jekete, n'kutuluka. Chakumwa chimene ndinawagulira anachisiya chosatsegula. Nditawathamangira kuwafunsa za khadilo, anati iwo sanyamula chinthu chimene anapereka kale, ndichite nalo chimene ndikufuna. Pokwera minibasi sananditsanzike.

Amayi anandiuza mawu amene sindingalembe m'nyuzi ya banja. Mwachidule, sukulu inandiwononga, ndilibe mwambo, ndipo tsiku limene ndidzafune ankhoswe ndidzawapeza pa kompyuta. Nkhani inafika ku Kasinje ine ndisanatseke chitseko. Asuweni amene sanandiimbirepo foni chaka chonse anapeza mayunitsi tsiku limenelo. Onse mawu awo ndi amodzi: ukapepese.

Zinandiwawa, ndisaname. Kuona msana wa amalume ukulowa m'minibasi muja kunandiliza, ndipo chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Koma ndipepese chiyani? Ndipepese kuti inveta yanga ndi yaing'ono? Ndipepese kuti sindinalole munthu wokalamba akagwade chaka china chathunthu pa kapinga wa eni ake kuti agule sikirini yoti izidzakhala yophimbidwa nsalu? Amene akuti ndilibe ulemu andiuze kuti pakati pa ine ndi iwo, ndani wawatenga amalume ngati munthu wamkulu woti angamve zoona, ndipo ndani wawatenga ngati mwana woti azimunyengerera.

Ndipo inu abale athu muli ku Joni, ku Kepi ndi kwina konse, ndikudziwa kuti danga lino mumaliwerenga pa mafoni anu. Wogulitsa m'sitolo akakuonetsani manambala a pa katoni, sakunama. Chachikulu chimathamangadi. Koma iye sanafikepo ku Manjawira. Sadziwa kuti denga lathu lili ndi masola angati, fumbi lathu ndi lotani, wokonza ali kutali bwanji. Amene akudziwa zimenezo ndi ife, ndipo foni muli nayo m'manja. Kufunsa sikuchotsa ukulu wa munthu.

Nafenso olandira tileke kuluta tisanayese. Khadi la amalume ndalibwezera m'katoni yake. Sindinaliike pamwamba kuti anthu aziona. Mawaya a magetsi akadzafika kuseri kwa msika kuno, lidzagwira ntchito, ndipo tsiku limenelo ndidzathokoza ndi mtima wonse, chifukwa kuthokozako kudzakhala koona.

Dzulo amayi anabweranso, ulendo uno ndi cholinga chimodzi, choti andiimirire pamutu mpaka ndiimbe foni yopepesa. Tikukanganabe, foni yawo inalira. Anali amalume, atafika ku Joni. Amayi amayankha foni ataikweza mawu kuti mudzi wonse umve, ndiye ndinamva zonse. Anati ayenda bwino. Anati abale anasonkhana kuonera kanema, ndipo amayi aang'ono analira mpaka anachita kuwagwira. Za ine sanafunse.

Kenaka anafunsa za makina osokera amene anatumizira amayi zaka zapitazo. Anafuna kudziwa ngati amawagwiritsa ntchito.

Makina amenewo ndi amagetsi. Ali m'chipinda cha amayi ku Kasinje, m'pulasitiki momwe anabwerera, ndipo pamwamba pake ndi pamene amaikapo Baibulo.

"Akusoka bwino kwambiri, achimwene," anayankha amayi. "Ngakhale diresi ndavalali."

Ndinayankha ndili chapatali, mokweza kuti mawu afike. "Ndi amagetsi, amalume. Sanasokepo ngakhale mpango."

Amayi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Kenaka mawu a amalume anamveka pa foni, otopa.

"Mupatseni foniyo Edina."

Amayi anandipatsira.

"Usandibisire," anatero amalume. "China chosagwira ntchito ndi chiyani?"

Ndinakoka benchi n'kukhala pansi, chifukwa zinalipo zambiri.